Kufunafuna masiku 72 m'misewu ya Paris

Lachitatu

Ndafika bwino, abale. Ndatsika sitima pa Gare du Nord dzuwa litapendeka, thupi lili lefu chifukwa ndaweruka ku naiti m'mawa womwe uno, kungosamba, kunyamula chikwama, ulendo wa ku St Pancras, siteshoni ya sitima ku London. Mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira kuno, ndinamupeza akudikira kale pachipata. "Takulandirani azakhali, bweretsani chikwamacho." Ndinamusiya ali kamtsikana, lero ndiye akundigwira mkono pondilowetsa m'sitima ya pansi pa nthaka.

Amakhala m'kachipinda ka pamwamba penipeni, kunsi kwa denga, kokwera ndi masitepe okhaokha. Muli bedi, katebulo, kambaula ka magetsi ndi kawindo koyang'ana madenga otuwa. Akuti m'zipinda zoterezi kale munkagona atsikana antchito a mabanja olemera okhala m'munsimu. Atanditchulira lendi yake ndinagwira pakamwa.

Ambiri mwandifunsa chimene ndadzera kuno, poti si Eiffel ayi. Ntchito yanga ku England ndi yosamalira okalamba, ndipo kawirikawiri ndimagwira usiku. Cha m'ma 3 koloko, agogo onse akagona, ndimawerenga pafoni kuti tulo tisandibe. Usiku wina ndinakumana ndi mawu oti mu Epulo 1871 boma la mzinda wa Paris linaletsa kugwiritsa ntchito usiku anthu ophika buledi. Ndinawerenga kawiri. Boma lanji limeneli, lokumbukira munthu amene ali maso anzake onse ali m'tulo? Kusekondale anatiphunzitsa kuti France inagonja kwa Prussia, n'kulandidwa Alsace ndi mbali ina ya Lorraine, n'kulamulidwa kulipira mafranki 5 biliyoni. Tinaloweza, tinalemba mayeso. Koma zoti nkhondoyo itangotha anthu wamba a mu Paris anadzilamulira okha masiku 72, boma lawolo n'kulitcha Commune, palibe anatiuzapo.

Tikudya mpunga madzulo ano ndamufotokozera mwanayu chiyambi chake. Mfumu Napoleon III inagwidwa ku Sedan pa 2 Sepitembala 1870. Adani anazinga Paris kuyambira mwezi womwewo mpaka pa 28 Januwale 1871, m'nyengo yozizira koopsa. Anthu anadya akavalo, kenako agalu, amphaka ndi makoswe, mpaka njovu ziwiri za kumalo osungira nyama zinaphedwa. Ntchito zinaima. Mabanja ambiri ankadalira franki imodzi ndi theka imene bambo ankalandira patsiku mu Garde nationale, gulu la amuna wamba a mumzinda amene anapatsidwa mfuti. Nkhondo itatha, nyumba ya malamulo yatsopano, yodzaza ndi okonda mafumu amene anasankhidwa ndi mavoti a kumidzi, inathetsa chisomo chimene chinalipo pa ngongole ndi lendi. Munthu wangotuluka kumene m'njala, akumuuza kuti lipira za miyezi yonse ija.

Mawa tikwera phiri.

Lachinayi

Tatsikira pa Anvers, n'kulowa kamsewu kodzaza timasitolo togulitsa zikumbutso. Kumapeto kwake maso amangoti dyu pa tchalitchi choyera mbee, chokhala pamsonga pa Montmartre ngati chagwa kuchokera kumwamba. Chimenecho ndiye Sacré-Cœur. Kapinga wotsetsereka kunsi kwake amatchedwa Square Louise Michel. Anthu mazanamazana akhala pamasitepe, ena akujambulana, anyamata a ku West Africa akugulitsa tizibangili ta ulusi. Sindikhulupirira kuti ambiri a iwo amadziwa kuti mayi amene dzina lake lili pachikwangwani anathamanga pamtsetse womwewu mbandakucha akuitana anthu kuti adzuke.

Zinali chonchi. Pa nthawi ya nkhondo anthu a mu Paris anasonkha ndalama n'kugula mizinga, ndipo ankaiona ngati yawo. Poopa kuti Ajeremani angailande, anaikokera kumadera a anthu osauka. Pafupifupi 170 inali paphiri pano. Mtsogoleri wa boma, Adolphe Thiers, sanafune kuti amisiri ndi aganyu akhale ndi mizinga, choncho pa 18 Marichi 1871 kusanache anatumiza asilikali kudzaitenga. Asilikaliwo anafika, mizinga anaigwira, koma akavalo oti aikoke anachedwa. Kunja kunayamba kuyera. Amayi amene anatuluka kukagula mkaka ndi buledi anawapeza ali chilili, n'kuwazungulira, kuwalankhula, ena kuwapatsa chakudya. Mkulu wa asilikali, Claude Lecomte, analamula kuti awombere khamulo. Anyamata ake anakana, anatembenuza mfuti kuloza pansi.

Ndakhala pabenchi nthawi yaitali ndikuganiza za mphindi imeneyo. Msilikali wa zaka 20, wanjala, wozizidwa, pamaso pake pali mayi wofanana ndi amayi ake. Nkhani yonse ya masiku 72 inabadwa pamene mwana ameneyo anakana kukoka chala.

Koma tsikulo silinathe loyera. Madzulo ake khamu lolusa linapha Lecomte pamodzi ndi mkulu wina wa asilikali, Clément-Thomas, amene anthu ankamukumbukira chifukwa cha nkhanza za mu 1848. Meya wa dera lino, dokotala wachinyamata Georges Clemenceau, amene patapita zaka zambiri anadzatsogolera France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anafika zinthu zitaipa kale. Thiers anathawira ku Versailles ndi boma lake lonse, mzinda n'kutsala m'manja mwa eni ake. Msewu umene akuluakulu awiriwo anaphedwera uli kuseri kwa tchalitchi, lero umatchedwa rue du Chevalier-de-la-Barre. Tadutsamo. Muli alendo onyambita ayisikilimu.

M'tchalitchimo ndalowa, poti ndine Mkatolika ndipo sindingadutse pakhomo pa Ambuye osagwada. Malumbiro omanga tchalitchichi anachitika Commune isanayambe, chifukwa cha kugonja pankhondo, koma lamulo lovomereza linadutsa mu 1873 m'nyumba ya malamulo yomwe ija inagonjetsa Commune, mwala woyamba unaikidwa mu 1875, ndipo malo amene anasankha ndi pomwe panali mizinga. N'chifukwa chake mpaka lero alipo a ku Paris amene safuna kupondamo. Amati chinamangidwa kuti chikhale pamutu pa ogonja. Mkatimo ndinapeza bata, anthu atagwada pamaso pa Ukaristia. Mapemphero amenewa sanadukepo usana ndi usiku kuyambira 1885. Ndiye kuti pa 3 koloko, ine ndikamatembenuza agogo pabedi kutsidya kwa nyanja, muno mumakhala munthu ali maso. Zimenezo zinandikhudza. Ndinayatsa kandulo imodzi, ndipo mumtima ndinatchula onse, amayi a mkaka aja ndi akuluakulu awiri aja.

Potsika mawondo anjenjemera. Mwanayu amati tikwere kangolo ka chingwe, ndakana, ndimafuna kutsika ndi mapazi monga anatsikira iwo.

Lachisanu

Lero tayenda kwambiri ndipo ndili ndi zambiri.

Tinayambira pa Hôtel de Ville, likulu la khonsolo ya mzinda, m'mbali mwa mtsinje wa Seine. Nyumba imene mukuiona pazithunzi si imene inalipo nthawiyo. Yakaleyo inatenthedwa pa 24 Meyi 1871 ndi a Commune eni ake pothawa, iyi inamangidwa pambuyo pake mofanizira. Pabwalo lake pa 28 Marichi, patapita masiku awiri chichitikire chisankho, khamu lalikulu linasonkhana ndi mbendera zofiira kudzamva kuti Commune yakhazikitsidwa. Osankhidwawo munali atolankhani, maloya ndi madokotala, komanso amisiri a manja: osoka nsapato, osula zitsulo, omanga mabuku. Sanali a maganizo amodzi, ankakangana kwambiri, nthawi zina mpaka usiku mdani ali pakhomo.

Ndinatulutsa kope langa pabwalopo n'kumuwerengera mwanayu zimene anthuwa analamula. Tsiku lotsatira lenilenilo anakhululukira lendi ya miyezi 9. Kenako anati wogwira ntchito m'boma asalandire zoposa mafranki 6,000 pachaka. Analetsa mabwana kudula malipiro a wantchito ngati chindapusa. Anati mafakitale amene eni ake athawa aperekedwe kwa antchito kuti aziyendetsa okha mogwirizana. Anati mkazi amene mwamuna wake wafera kunkhondo alandire penshoni, kaya anamanga ukwati kaya ayi, ndi ana ake onse chimodzimodzi. Sukulu zikhale zaulere, ndipo mpingo ndi boma zisiyane. Lamulo la ophika buledi linatuluka pa 20 Epulo, ndipo amene ankatsogolera za ntchito anali Léo Frankel, mmisiri wa golide wochokera ku Hungary. Mlendo, koma anamusankha ndi kumulandira.

Limene limandigwira pakhosi ndi la pinyolo. Mu Paris munali malo aakulu obwereketsa ndalama pa chikole, otchedwa Mont-de-Piété. Pa nthawi ya njala ija anthu anakasiya kumeneko matiresi, zofunda, malaya, ngakhale zipangizo zawo za ntchito. Commune inayamba ndi kuletsa kugulitsa katundu ameneyo, kenako mu Meyi inati chilichonse chopinyolitsidwa pa mafranki osapitirira 20, zovala, zogonera, mabuku, zida za ntchito, mwini wake akatenge ulere.

Bambo anga anali telala wa pakhonde pa sitolo ku Limbe. Chaka chimene amayi anadwala kwambiri, anakapinyolitsa makina awo osokera kwa munthu wina wa katapila. Ndikukumbukira tsiku limene anawanyamula. Anamasula mutu wa makina pathebulo lake, anaupukuta ndi kansalu ka mafuta monga ankachitira Loweruka lililonse, anaukulunga m'chitenje cha amayi, n'kuumanga pakaliyala ya njinga. Kunyumba kunatsala thebulo ndi chopondera chake, ndipo ife ana tinkachiponda, gudumu n'kumazungulira lopanda kanthu. Telala wopanda makina angaipeze kuti ndalama yoombolera makina? Sanabwerenso. Bambo anatha zaka ziwiri akusokera munthu wina pa makina obwereka. Nditamusimbira mwanayu, anati, "Azakhali, adadi sanatiuzepo zimenezi." Ndinati anali wamng'ono, mwina anaiwala, mwinanso safuna kukumbuka. Amene analemba lamulo la mafranki 20 lija ankadziwa nyumba ngati yathu.

Sindikuwayeretsa ayi. Amayi amene anayambitsa zonse paphiri paja sanapatsidwe voti. Anachita kudzipangira bungwe lawo, Union des femmes, motsogozedwa ndi Nathalie Lemel, womanga mabuku, ndi Élisabeth Dmitrieff, mtsikana wa zaka 20 wa ku Russia, n'kumasoka, kusamalira ovulala, pomaliza kumenya nawo nkhondo. Commune inatsekanso manyuzipepala otsutsa. Ndipo nkhokwe ya chuma cha dziko, Banque de France, inali mumzinda momwemu m'manja mwawo, koma iwo ankangopemphako pang'onopang'ono zolipira asilikali, pamene banki yomweyo inkathandiza boma la ku Versailles. Anthu akhala akutsutsana za chimenechi mpaka lero. Ine ndimaona anthu oopa kutchedwa akuba, ndipo mantha amenewo ndimawadziwa. Wosauka amasamala mbiri yake kuposa wolemera.

Masana tinapita ku Place Vendôme. Kumeneko ndiye kwa eni ndalama: hotela ya Ritz, masitolo a ndolo ndi mawotchi opanda mitengo pawindo, alonda a masuti akuda. Pakati pali chipilala chachitali chobiriwira, Napoleon woyamba ataima pamwamba, chokutidwa ndi mkuwa wa mizinga imene analanda pankhondo. A Commune anati ndi chizindikiro cha nkhanza ndi kunyoza mitundu ina, ndipo pa 16 Meyi anachigwetsa ndi zingwe, chinagwera pamulu wa manyowa ndi nthambi. Cholinga ndikuchimva, koma ndikawerenga masiku mtima umandiwawa: panatsala masiku 5 okha kuti adani alowe. Chipilala chinamangidwanso, ndipo mlandu unagwera wojambula zithunzi Gustave Courbet, amene analamulidwa kulipira mafranki oposa 300,000. Anathawira ku Switzerland, n'kumwalira komweko mu 1877.

Pobwerera tinadutsa m'munda wa Tuileries. Pakati pa mapiko awiri a Louvre, nyumba yoonetsera zinthu zakale ndi zojambula, pali mpata waukulu. Pamenepo panali nyumba yachifumu imene inapsa sabata yomaliza ija. Ana akuyendetsa timabwato padziwe.

Loweruka

Versailles, pa sitima ya RER C, mvula ikuwaza. Mzere wautali, anthu okhaokha. M'chipinda chotchuka cha magalasi cha m'nyumba yachifumu, mmene mfumu ya Prussia inalengezedwa kukhala mfumu yaikulu ya Germany pa 18 Januwale 1871 Paris akufa ndi njala, sindinathe ngakhale kuima, khamu limangokukankha.

Chimene ndinadzera chili panja, kunsi kwa masitepe aakulu: Orangerie, nyumba yosungiramo mitengo ya malalanje m'nyengo yozizira. Commune itagonja, akaidi ochuluka anatsekeredwa mmenemo, ena m'makola a akavalo, ena kumsasa wa Satory pafupi pomwepa. Anawayendetsa wapansi kuchokera ku Paris, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndipo pofika kuno anthu ovala bwino ankawatukwana ndi kuwamenya ndi maambulera. Lero mitengo ya malalanje yafoledwa bwinobwino m'mabokosi ake.

Chinanso chimene ndaganizira pobwerera: asilikali amene Thiers anagonjetsera Paris, ambiri anali akaidi a nkhondo amene Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany, anawamasula msanga. Adani a dzulo anamvana mosavuta pa nkhani ya amisiri onyamula mfuti.

Nsapato zanyowa. Tagona msanga.

Lamulungu

Misa ndakamvera ku rue Haxo, kumtunda kwa Belleville, m'tchalitchi cha Notre-Dame-des-Otages, kutanthauza Amayi Maria a ogwidwa chikole. Ndinachita kusankha dala, chifukwa ndikanapita kwina ndikanakhala ndikuthawa.

Asilikali a Versailles analowa mu Paris Lamulungu pa 21 Meyi kudzera kumadzulo, pachipata chimene panalibe olonda. Sabata imene inatsatira Afalansa amaitcha sabata ya magazi. Msewu ndi msewu anthu anazula miyala ya pansi n'kuunjika zotchinga, ndipo asilikali akalanda chotchinga ankapha amene awapeza. Kuyambira mu Epulo asilikaliwa anali atayamba kale kupha akaidi, ndipo Commune poyankha inagwira anthu ngati chikole, pakati pawo Arkiepiskopi wa Paris, Georges Darboy. A Commune anapempha kangapo kuti amusinthanitse ndi mtsogoleri wawo wokalamba Auguste Blanqui, amene anali m'ndende ya boma. Thiers anakana. Pa 24 Meyi Darboy anawomberedwa m'ndende ya La Roquette ndi anzake asanu. Pa 26 Meyi anthu ena pafupifupi 50, apolisi ambiri, ansembe 9 ndi wophunzira za unsembe mmodzi, anayendetsedwa pakati pa khamu lolusa mpaka pamalo pamene ndinagwada lero, n'kuphedwa. Asanu mwa ansembewo Mpingo unawatcha odala mu 2023.

Ndilibe mawu ochepetsera zimenezi. Anali anthu opanda zida, ndipo ena mwa ansembewo moyo wawo wonse anatumikira osauka omwewo. Ndinalira pa nthawi ya mapemphero a okhulupirira, mayi wina wachikuda amene tinakhala limodzi anangondigwira dzanja osafunsa kanthu.

Pamalopo panalinso munthu amene ndamukonda kwambiri pa nkhani yonseyi, Eugène Varlin. Anali womanga mabuku, mwana wa alimi osauka, wodziphunzitsa yekha madzulo ataweruka. Zaka za m'mbuyo iye ndi Nathalie Lemel anatsegula malo odyera otchipa a antchito, otchedwa La Marmite, ndiye kuti mphika. Tsiku la rue Haxo anayesetsa kuletsa khamulo, koma palibe anamumvera. Patapita masiku awiri anazindikiridwa mumsewu, anamukwezera ku Montmartre akumumenya njira yonse, n'kukamuwombera mumsewu womwe uja wa kuseri kwa tchalitchi. Anali ndi zaka 31. Lachinayi ndinadutsa pamenepo osafuna kuziganiza.

Titatuluka tinatsetsereka ndi Belleville. Dera lino ndi kumene anthu osauka anakankhidwira pamene Haussmann, mkulu woyang'anira Paris pa nthawi ya Napoleon III, ankagumula timisewu ta pakati pa mzinda n'kumanga misewu yotakata ija, ndipo ndi kuno kumene Commune inalimba mpaka tsiku lomaliza. Lero kuli Aluya, Matchaina, anthu a ku Mali ndi Senegal, fungo la nyama yootcha ndi timbewu tonunkhira. Ndinagula chinangwa ndi therere. Tinapeza rue Ramponeau, kamsewu kopapatiza kokwera, kamene ambiri amati ndiko kunali chotchinga chomaliza pa 28 Meyi. Makoma ake ndi olembalemba ndi utoto. Mwanayu anati, "Azakhali, ndimadutsa muno popita kwa mnzanga, sindimadziwa." Madzulo taphika therere ndi nsima ya ufa umene ndinamubweretsera.

Lolemba

Kwathu kumanda sulowako wamba. Pamafunika amfumu adziwe, adzukulu atsogole. Ndiye polowa mu Père Lachaise m'mawa uno, kuona anthu atanyamula mapu akusakasaka manda a oimba ndi olemba mabuku, ndinayamba ndaima pachipata kuti mtima ukhazikike. Ndi mudzi wathunthu, wa misewu ya miyala ndi mayina ake, tinyumba ta akufa tofoleredwa bwino kuposa nyumba zambiri za amoyo.

Muno munamenyedwa nkhondo pa 27 Meyi, mvula ikugwa, anthu akubisala kuseri kwa ziliza, zipolopolo zitatha n'kumabayana ndi mipeni. Tinadutsa pa chiliza cha Thiers, chachikulu ngati tchalitchi, chitseko chake chotseka. Kenako tinayenda mpaka kumapeto, pakona, pamene alendo amachepa.

Khoma limene tinadzera ndi wamba. Ndimayembekezera chinthu chachikulu, koma ndi mpanda chabe wa manda, wa miyala yotuwa, masamba oyanga atakwera mbali ina. Pali mwala umodzi wolembedwa m'Chifalansa kuti kwa akufa a Commune, 21 mpaka 28 Meyi 1871. Dzina la munthu palibe ngakhale limodzi. Apa anaimika anthu 147 n'kuwawombera, n'kuwaponya m'dzenje limodzi patsinde pa khomali. Pansi ndinapeza maluwa ofiira, ena ofota, ena a dzulo lomwe.

Ophedwa sabata imeneyo mumzinda wonse, akatswiri a mbiri amasiyana: ena amati 6,000 kapena 7,000, ena amati 20,000 ngakhale kuposa. Ambiri sanafere pankhondo, anaphedwa atagwidwa kale, m'munda wa Luxembourg, m'nyumba ya asilikali ya Lobau kuseri kwa Hôtel de Ville, m'mabwalo ndi m'ndende. Munthu ankaphedwa chifukwa manja ake ndi akuda ngati wagwira onga, mayi chifukwa wina wamuloza kuti ndi wotentha nyumba. Ogwidwa anaposa 40,000. Dzulo ndinalira anthu 50 amene mayina awo amadziwika, ali ndi tchalitchi chawo. Awa kusiyana kwa mawerengero awo okha ndi anthu zikwi zambiri, chifukwa palibe anavutika kuwalemba. Sanasambitsidwe, sanakhuzidwe, panalibe mdzukulu, panalibe wonena mawu a banja. Ndinavula nsapato n'kugwada.

Bambo wina wokalamba, wa kapu, amene ankathirira maluwa chapafupi, anatiyandikira. Mwanayu ankamasulira. Anati chaka chilichonse kumapeto kwa Meyi anthu amakwera kudzafika pakhomali ndi mbendera ndi nyimbo, ndipo iye anayamba kubwera ali pamapewa a bambo ake. Anatiloza manda oyang'anizana ndi khoma, a Jean-Baptiste Clément, amene anamenya nawo nkhondo pa zotchinga zomaliza ndipo analemba nyimbo ya nyengo ya zipatso za cherry imene Afalansa amaiimba pokumbukira Commune. Pachiliza pake wina anasiyapo tizipatso tofiirato. M'manda momwemu mulinso Eugène Pottier, amene mu Juni 1871, akubisala, analemba mawu a L'Internationale, nyimbo yotchuka ya antchito a m'mayiko ambiri. Anatiuzanso kuti mu 2016 nyumba ya malamulo ya France inavomereza chigamulo choyeretsa mayina a onse amene anazunzidwa chifukwa cha Commune. Anafunsa kwathu. Nditati Malawi anagwedeza mutu, anandigwira chanza ndi manja awiri ngati wa kwathu.

Lachiwiri

Malo omaliza ndi Levallois-Perret, kunja pang'ono kwa mzinda. Panjira ya metro nambala 3 pali siteshoni ya dzina la Louise Michel, ndipo manda ake ali m'tauni yomweyi, pamodzi ndi amayi ake.

Anali mphunzitsi wa ana osauka ku Montmartre. Anamenya nkhondo atavala yunifomu ya asilikali, ndipo atamva kuti amayi ake agwidwa m'malo mwake, anakadzipereka yekha kuti awamasule. M'khoti la asilikali mu Disembala 1871 sanapemphe chifundo, anawauza oweruza kuti ngati si amantha amuphe. Anamutumiza ku New Caledonia, zilumba za kutali m'nyanja ya Pacific, kumene anthu a Commune oposa 4,000 anatayidwa. Kumeneko anakumana ndi anthu a ku Algeria amene anaukira Afalansa chaka chomwecho cha 1871. Anaphunzira za eni nthaka, Akanak, anawaphunzitsa kuwerenga, ndipo pamene anaukira atsamunda mu 1878 motsogozedwa ndi mfumu Ataï, iye anaima mbali yawo. Anzake ambiri a Commune sanatero, ena anathandiza kumene atsamunda kuthana ndi Akanak. Monga Mwafrika, chimenechi sindingachilumphe: anthu amene anafera ufulu wa wantchito mu Paris, atafika kwa munthu wakuda ambiri maso awo anachita khungu. Mayiyu anaona. Anabwerera kwawo pa chikhululukiro cha 1880, analowanso m'ndende kangapo, n'kumwalira ku Marseille mu Januwale 1905. Pamanda pake ndasiya duwa limodzi lofiira.

Usiku wathawu tulo tinandithera pa 4 koloko, thupi linazolowera. Ndinatsika masitepe onse aja mwakachetechete kuti ndikapume mphepo. Msewu unali zii, koma pansi pa sitolo ya buledi ya pakona, pakawindo kofanana ndi mapazi, munkayaka nyale. Ndinawerama. Mnyamata wa malaya oyera, ufa mpaka m'zigongono, ankafola mitanda yaitali pansalu, kuicheka pamsana ndi kalumo, kuilowetsa mu uvuni. Anadzutsa mutu, anandiona, anakweza dzanja. Nanenso ndinakweza langa. Pa 7 koloko atatsegula ndinagula ndodo ziwiri za buledi zotentha, ina tadyera tiyi ndi mwanayu, ina ili m'chikwama. Sitima inyamuka 5 koloko madzulo ano, ndipo mawa ndili pa naiti.